Galimoto yanyumba ya Hymer ya 1985 yomwe ili ku Nkopola: kodi ndigule?

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Koche:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa magalimoto akale a dizilo. Pamalo ena ogona alendo kufupi ndi Nkopola pali galimoto yokhala ndi nyumba yake, ndipo mwini malowo akuigulitsa. Ndi ya mtundu wa Hymer, yopangidwa ku Germany m'chaka cha 1985, ndipo nyumbayo inamangidwa pa Mercedes-Benz 307D. Akuti inabwera ndi alendo awiri omwe anayenda nayo pamsewu kuchokera ku Ulaya, ndipo atafika kuno anaisiya n'kubwerera kwawo pandege. Yakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zitatu.

Ndinakaiona Loweruka pamodzi ndi mayi a kunyumba. M'kati muli bedi lomwe limatsika kuchokera kudenga pamwamba pa mipando yakutsogolo, tebulo lomwe usiku limasanduka bedi lachiwiri, mbaula ya gasi, sinki, firiji, thanki ya madzi ndi kachipinda ka chimbudzi. Mayi atatsegula kabati anapeza makapu anayi akadali m'malo mwake, ndipo kuyambira pamenepo mtima wawo sunachokeko. Titabwereka batire ya minibasi injini inalira, inatulutsa utsi kwa kanthawi kenaka n'kukhazikika. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi fungo la chinyontho pakona yakumbuyo, komanso chiwongolero chomwe chili kumanzere. Cholinga changa n'choti tiziyendera ku Cape Maclear, ku Liwonde ndi kwa ana ku Namwera. Kodi ndi yotheka kuisamala kuno, kapena ndikudzigulira mavuto?

Makaniko wa pa Boma ku Mangochi:

Aphunzitsi, za injini musade nazo nkhawa kwambiri. Mu 307D muli injini yotchedwa OM616, ya masilinda anayi ndi malita 2.4, yomweyo imene inali mu Benz 240D zomwe akuluakulu ankayendera kale. Ilibe kompyuta, ilibenso turbo. Pampu yake ya dizilo ndi ya Bosch yoyenda ndi zitsulo zokhazokha, ndipo m'malo mwa lamba wa timing muli tcheni, choncho makaniko aliyense amene anaphunzira ntchito pa malole akale angathe kuigwira. Imangofuna oyilo wabwino, mafyuluta atsopano, ma heater plug amoyo, ndi kutchuna mavavu pamanja nthawi ndi nthawi, chinthu chomwe anyamata ambiri a masiku ano amaiwala chifukwa injini zambiri zatsopano zimadzitchuna zokha.

Koma mudziwiretu kuti mphamvu yake ndi horsepower 72 basi, pamene ikusenza nyumba yathunthu. Pamsewu wa ku Monkey Bay idzayenda bwino mukamapita nayo modekha. Mayeso ake enieni ndi chitunda cha Chowe popita ku Namwera, komwe mudzakwere ndi giya yachiwiri, maso ali pa geji ya kutentha. Galimotoyi inapangidwira dziko lozizira, ndiye radiyeta muichotse ikatsukidwe, musinthe mapaipi onse a madzi ndi thermostat musanayese phiri limenelo mwezi wa Okutobala. Dizilo amene wakhala m'thanki zaka zitatu mumukhuthule yense. Mabuleki muwaone mawilo onse, pakuti potsika Chowe kulemera konseko kumatsamira pa iwo. Matayala musawakhulupirire poona mano okha, koma muwerenge manambala anayi omwe ali m'mbali, awiri oyamba akunena sabata ndipo awiri otsiriza chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mukagonenso pansi pake ndi tochi, mugogode masitepe a pakhomo ndi mozungulira mawilo, chifukwa ku Ulaya amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu ndipo Benz za mtundu umenewu zimadyeka ndi dzimbiri m'malo amenewo.

Dalaivala wotenga magalimoto ku Dar es Salaam:

Bambo, musanapereke ngakhale tambala imodzi, funsani mapepala. Alendo oyenda ndi galimoto zawo amalowa nazo m'dziko muno pachilolezo cha kanthawi kochepa, ndipo chilolezocho chimatanthauza kuti galimotoyo idzatulukanso. Ngati ikadali ndi nambala ya ku Germany, n'kutheka kuti msonkho wake sunalipidwe, ndipo mwini malowo sangakugulitseni chinthu chomwe sichili m'dzina lake. Pitani ku MRA ndi nambala ya chassis, akakuuzeni momwe inalowera ndi ndalama zomwe zikufunika. Msonkho wa galimoto umatengera zaka zake ndi kukula kwa injini, ndipo yakale imalipitsidwa mokwera. Mukafunsenso ku Road Traffic ngati angailembetse ndi kuipatsa COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chiwongolero chili kumanzere, ndipo yankho lawo mulimve nokha ndi makutu anu, osati kudzera kwa wogulitsa.

Ine ndinayendetsapo lole yachiwongolero cha kumanzere, ndipo chovuta chake chachikulu ndi kupitirira galimoto ina, pakuti woyendetsa amakhala kumbali ya tchire ndipo saona zomwe zikubwera kutsogolo. Mayi adzakhala maso anu. Nyali zake zinatchunidwa kuti ziziunika kumanja, choncho kuno zimathobwa m'maso anzanu, ndipo ziyenera kukonzedwa. Chitseko cha nyumbayo chilinso kumanja, kutanthauza kuti mukaima m'mbali mwa msewu pa Makawa, mdzukulu wotsika adzatsikira kumene kukudutsa njinga zamoto za kabaza.

Mayi wokonza zamagetsi ndi sola, ku Monkey Bay:

Aphunzitsi, ine ndikuona kuti nkhani yagona pa fungo lija. Injini imakonzeka, koma khoma lomwe lamwa madzi kwa zaka zitatu limawonongetsa ndalama zambiri. Mphira wa m'mawindo ndi wa pakawindo ka padenga umauma ndi dzuwa lathuli, mvula n'kumalowa pang'onopang'ono osaoneka. Mukapitenso, mukadine khoma ndi chala mozungulira mawindo, m'makona a makabati ndi pansi pa matiresi, ndipo pamene pakubonyoka mudziwe kuti m'kati mwaola. Muonenso ngati chiswe sichinakwere kudzera m'matayala, komanso ngati makoswe sanatafune mawaya.

Firiji ya m'magalimoto amenewa imayendera njira zitatu: gasi, batire ya 12V, kapena magetsi a 230V. Ilibe kompuresa, imaziziritsa potenthetsa madzi osakaniza ndi ammonia, n'chifukwa chake siimveka phokoso. Imafuna kuti galimoto iime mowongoka, ndipo kukatentha ngati mmene kumachitira kuno mvula isanagwe, imalephera kusunga chambo. Ndinathandizapo mlendo wina poika kafani kakang'ono kuseri kwake ndipo zinasinthako, komabe ine ndingasankhe firiji ya kompuresa ya 12V ndi sola padenga, popeza dzuwa sitisowa. Mapulagi a m'katimo ndi a mabowo awiri ozungulira, pamene athu ndi a mano atatu, koma magetsi ake ndi ofanana ndi athu, ndiye n'kungosintha masoketi.

Pa gasi ndikuchondererani kuti musayatse kanthu kufikira wodziwa ataona. Magalimoto akale a ku Germany ambiri ankagwiritsa ntchito regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda) ya 50 mbar, pamene atsopano ndi a 30 mbar, ndipo pakamwa pa masilinda awo m'posiyana ndi athu. Muwerenge zomwe zalembedwa pa mbaula ndi pa firiji musanagule regulator ina, ndipo mapaipi a mphira musinthe onse. Chotenthetsera m'nyumba, chomwe kawirikawiri chimakhala cha Truma, kuno kunyanja simudzachifuna, mwina mukakagona ku Namwera mwezi wa Juni.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Koche:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Dzulo ndinabwererako ndipo ndinachita monga mwanenera, mayi. Khoma la pansi pa windo lakumbuyo ndi lofewa pamalo aakulu ngati chikhatho, koma kwina konse n'kolimba ndipo chiswe sindinachione. Pa mbaula palembedwa 50 mbar. Nambala ikadali ya ku Germany, ndipo mwini malowo ali ndi kalata yokha yomwe alendowo anamusiyira. Ndakopera nambala ya chassis ndipo Lolemba ndikupita nayo ku MRA. Bambo makaniko, akandiyankha bwino kumeneko, kodi mungapeze tsiku loti tipitire limodzi ku Nkopola mukaione pansi pake?