Thandizeni, kapuleya kanga kakukana ma file a ISO

Membala wosadziwika: Moni nonse pagulu pano, ine mutu waima. Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira kapuleya ka nyimbo kolowa m'thumba ndi flash yodzaza ma file a ISO (chimbale chonse mu file imodzi), akuti ndi ma SACD a jazz, ma CD a mawu apamwamba aja, ukamamvera umakhala ngati oimbawo ali pakhonde pako. Ndinagula memory card ya 64GB mtauni, ndalama yake inali ya feteleza ndiye mayi akunyumba mpaka lero akundiyankha ndi mphuno. Ma file ena akukana kulowa ati ndi aakulu chonsecho malo alipo ambirimbiri, omwe alowawo akuoneka koma ndikadina kuli zii. Alamuwo foni sakuyankha, ndi omwewo anabwereka njinga yanga chaka chatha osabweza koma imeneyo ndi nkhani ina. Nditani abale?

DJ wa ku Chinamwali: Kkkkk achimwene mukuzunzikiranji? Ine ndaimba maukwati kuyambira ku Songani mpaka ku Thondwe ndi MP3 basi, palibe anasiyapo kuvina pelekanipelekani chifukwa cha ISO.

Wa ku Matawale: Kapuleyako ndi ka mtundu wanji, FiiO, HiBy, Shanling? Zokana kulowazo, card yanu anaifomata m'njira ya FAT32, siilandira file yopitirira 4GB. Sungani kaye zinthu pa kompyuta muifomate ikhale exFAT.

Mayi wa ku Sadzi: Feteleza mwasinthanitsa ndi jazz? Mu February mudzadya nyimbozo.

DJ wa ku Chinamwali: Auzeni mayi! Chimbale chimodzi ma GB atatu, pamenepo ine ndimaikapo nyimbo mazana.

Mnyamata wa ku Chikanda: A DJ, si aliyense amamvera nyimbo pa sipika zong'ambika. SACD anaitulutsa a Sony ndi Philips mu 1999, mawu ake amasungidwa m'njira yotchedwa DSD ya 2.8224 MHz, kuchulukitsa ka 64 ya CD wamba. ISO imodzi nthawi zambiri imanyamula stereo ndi 5.1 (ya sipika zisanu ndi imodzi) yomwe, zina zofinyidwa ndi DST, ndiye mapuleya ena amangokhala duu. Pezani pulogalamu ya sacd_extract pa laputopu, tulutsani stereo yokha ikhale ma file a DSF, nyimbo iliyonse payokha ndi dzina lake. Zikakanikabe, pulogalamu ya foobar2000 yokhala ndi plugin ya SACD imasintha kukhala FLAC. Koma DSD imadya batire, kapuleya kamatentha.

DJ wa ku Chinamwali: Zong'ambika ndi za ndani iwe mwana? Bwera Loweruka udzamve wekha. Ma MHz akowo pa ma earphone a pamsika khutu lako lingasiyanitse?

Wa ku Mpondabwino: Ine card yolembedwa 64GB inandidyera zithunzi zonse za chinkhoswe, kuiyeza inali ya 8GB. Wogulitsayo anasamuka.

Wa ku Matawale: Eni funso, dzina la kapuleya chonde.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Mayi a ku Sadzi, feteleza ndigulabe mwezi ukatha. Njinga ija ndamva ili ku Jali ikuchita kabaza.