Tingayambe bwanji kagulu kothandiza anyamata osuta chamba?

Abale ndithandizeni nzeru. Kuno ku Makawa, m'boma la Mangochi, anyamata akatsika m'boti ndalama ya usipa imathera pa chamba ndi kachasu, mphwanga naye alimo, wafika pogulitsa ukonde wa bambo athu. Akagwidwa amakagona m'selo koma akatuluka ndi zomwezo basi, ndiye azimayi ena tagwirizana tiyambe kagulu kocheza nawo. Timayambira kwa amfumu kapena ku khonsolo? Nanga ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe amalandira bwanji munthu wochokera kutali chonchi, kaya ku Zomba Mental nkwabwino poti nkufupi? Lamulo la 2020 lija linangololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, chosuta ayi, ndiye tikafuna kuti ogwidwa azipita kuchipatala osati kundende tikambe ndi a MP kapena ndani?