Apeza kadontho m'mapapo mwa bambo anga, kodi ndi khansa?

Nachisale22:
Abale ndithandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi zaka 66, anawajambula pachifuwa kenako CT scan, ndiye akuti m'phapo lakumanja muli kakanthu kozungulira ka mamilimita 7, adokotala akuti ndi nodule. Makhololo anayeza TB sanaipeze. Chikundisowetsa tulo nchoti sanawapatse mankhwala aliwonse angoti mudzabwerenso pakatha miyezi 6 tidzajambulenso. Miyezi 6 yonseyo kungokhala?? ngati ili khansa siikhala ikufalikira? Anadwalapo TB kalekale, anagwiranso ku migodi ya golide ku Joni nthawi ya Theba, fodya anasiya.

Mbewe_wa_Dedza:
Asisi mtima m'malo kaye. Timadontho totere tambiri sitikhala khansa, makamaka kwa munthu woti anadwalapo TB, nthendayi ikatha imasiya zipsera m'mapapo zomwe zimaonekabe pa chithunzi zaka ndi zaka. Madokotala amayamba ndi kukula kwake. Kochepera mamilimita 6 mpata woti nkukhala khansa sufika 1 pa 100, ka 6 mpaka 8 amakalondola ndi scan, kakapyola 8 mpomwe amaganiza zojambulanso msanga kapena kutapako kanyama kukayeza. Ka bambowo nkochepa ngati njere ya nandolo, kukalasa ndi singano nkovuta komanso phapo limatha kuphwa, ndiye kudikirako sikukutayani ayi, akufuna aone ngati kakukula. Kadontho kolimba, kosaoneka ngati chifunga pa scan, kakatha zaka 2 osasintha kawirikawiri amati kalibe vuto.

Chisomo_Joni:
Zoona, koma musapeputse za fodyazo ndi msinkhu wawo, zimakweza chiopsezo ngakhale anasiya. Mukawafunse adokotala kuti m'mphepete mwake ndi mosalala kapena muli tinyanga, ka tinyangato ndiye amakakayikira kwambiri, komanso ngati kali ndi calcium mkati poti kotereko nthawi zambiri ndi chipsera chakale. Za mgodizo muwauzenso, fumbi la miyala limayambitsa nthenda ya m'mapapo yotchedwa silicosis ndipo nayo imaoneka ngati timadontho. Kuno ku Joni kuli Tshiamiso Trust yomwe imapereka chipukuta misozi kwa omwe anadwala silicosis kapena TB m'migodi ina ya golide, a ku Malawi nawonso amawerengedwa.

MaiPhiri_BT:
Ine changa nchimodzi, kafunefuneni eksire yakale ija ya nthawi ya TB ngati ilipo, olo yafumbi m'sutikesi, adokotala akaona kuti kadonthoko kanalipo kale chimodzimodzi nkhani imapepuka. Tsiku lomwe anakupatsanilo lisaphonyeke chonde, ambiri akamva bwino sabwereranso. Koma akayamba kutsokomola magazi, kuonda, kubanika kapena thukuta usiku musadikire miyezi 6 imeneyo, thamangani nawo.

Nachisale22:
Zikomo nonse. Eksire yakaleyo amayi akuti ili kumudzi pamodzi ndi kabuku kawo kakuchipatala, ndituma mng'ono wanga akatenge Loweruka. A Chisomo ya Tshiamisoyo pamafunika mapepala anji?