Penti wa Vitz yanga wasuluka: ndipolishe kapena ndipopere wina?

Nyachirwa_Chibavi:
Moni nonse. Ndili ndi Vitz yofiira ya 2011, inalowa kudzera pa Songwe. Pobwera inali yowala ndithu, koma pano boneti ndi denga zasuluka, ukayikapo dzanja pamamveka pokhakhala. Padenga chakumbuyo pali zigamba zotuwa zomwe zayamba kusendeka. Zitseko zokha zikadali bwino. Galaja ndilibe, usiku imagona pansi pa mtengo wa mango, masana imakhala padzuwa kuntchito m'tawuni. Anyamata otsuka magalimoto akuti aipolisha ndi makina ibwerera mwakale, pomwe wina wopopera penti akuti palibenso chochita, tipopere yonse. Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri ndipo aliyense akukokera kwake. Ndimvere ndani?

Wapenti_Luwinga:
Amama, onse awiri akunena zoona pang'ono, koma akukamba malo osiyana a galimoto yomweyo.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amakhala ndi penti wosanjikiza: pansi primer, pakati penti wa mtundu, pamwamba clear coat, penti woonekera mkati wopanda mtundu. Kuwala konse kumene mumakuona ndi kwa clear coat, ndipo ndi wopyapyala kuposa pepala la m'kope. Dzuwa limamuwotcha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake denga ndi boneti ndizo zimayamba, zitseko zimapulumuka poti zaima chilili. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa kuno. Mzuzu ili pamtunda, dzuwa la Okutobala ndi Novembala silisekerera penti, makamaka wofiira.

Pamene pangosuluka koma sipanasendeke, polishi amathandiza. Ntchito yake ndi kupala kachikhungu kakufa pamwamba kuti wamoyo aonekere. Koma pazigamba zotuwazo clear coat wasiyana kale ndi penti wapansi, palibe choti mupolishe. Akayikapo makina amangokuza chigamba, m'mphepete mumapitiriza kusendeka. Pamenepo ndi sandipepa, kenako kupopera mtundu ndi clear coat watsopano.

Ndiye ine ndikanati poperani denga lokha, boneti ayambe ayesa polishi pakangodya kakang'ono. Zoti yonse ayi, pokhapokha ngati ndalama ikukuyabwani. Wopoperayo awerenge nambala ya mtundu pa kachikwangwani ka galimoto, pa Toyota zambiri kamakhala pamphuthu pa chitseko kapena mkati mwa boneti, komanso ayerekeze ndi penti wakaleyo masana, chifukwa wofiira watsopano pafupi ndi wakale amaonekera. Ndipo musalole kupopera tsiku la mawawa kapena chifunga ngati malo ake ndi apabwalo. Chinyezi chimachititsa clear coat kuuma ali wotuwa.

Sienta_ya_NkhataBay:
Madala afotokoza bwino za penti, ine ndilowe pa katsukidwe, chifukwa ngakhale mupopere watsopano, mukapitiriza zomwezo mubwereranso pano. Ine galimoto ndi munda wanga, ndimatsika ndi kukwera msewu wa ku Nkhata Bay tsiku lililonse, koma penti akadali wa ku Japan.

Tayang'anani mmene amatsukira malo ambiri. Ndowa imodzi, sopo wa ufa wochapira zovala, kansanza kamodzi. Kansanza komweko kapukuta matayala, kagwa pansi, akatola n'kukayika pa boneti. Dothi lathu lofiirali lili ndi mchenga, ndiye timizere tozungulira timene mumationa galimoto ikakhala padzuwa timachokera pamenepo. Sopo wa ufayo amachotsanso wax yense, phula loteteza penti. Ine ndimayenda ndi shampoo wa galimoto ndi nsalu zanga za microfibre m'buti, ndipo ndimawauza ayambe athira madzi ambiri fumbi litsike asanakhudze. Ndowa ziwiri, ina ya thovu ina yotsukuluzira nsalu. Kuyambira padenga kutsika, matayala pomaliza ndi nsalu yakeyake. Poyamba ankandiona ngati wovuta, pano anazolowera.

Mtengo wa mangowo ndiwonso mdani wanu. Utomoni, zitosi za mbalame ndi za mileme zikauma padzuwa zimadya clear coat n'kusiya chipsera. Mukaziona m'mawa, nyowetsani nsalu, iyikeni pamenepo kwa mphindi zingapo zifewe, musakande ndi chikhadabo.

BamboA_Tiyese:
Chenjezo langa ndi limodzi. Pali ena amapaka mafuta ophikira kapena dizilo kuti galimoto iwale pogulitsa, mawa lake fumbi lonse lamatirira. Oipitsitsa ndi opaka brake fluid, mafuta a mabuleki. Ameneyo amasungunula penti, asayerekeze n'komwe kuyandikira naye.

Nyachirwa_Chibavi:
Yewo chomene nonse. Ndapita kukaiyang'anitsitsa, boneti sinasendeke paliponse, ndi denga lokha. Ndaonanso mzere wautali pachitseko chakumbuyo, mwina ana ndi njinga. Umenewu polishi angauchotse? Nanga cover ya nsalu yovundikira galimoto ndigule?

Wapenti_Luwinga:
Mzerewo yendetsanipo chikhadabo mopingasa. Chikangodutsa osakola, compound (mankhwala opala penti pang'ono) ndi polishi achotsa. Chikakola, kapena mukuona zotuwa kapena chitsulo pansi pake, wapyola clear coat, ndipo pakufunika kudontheza penti ndi kaburashi mvula isanayambe, apo ayi dzimbiri liyamba.

Pa boneti, wopolishayo achite pamthunzi, chitsulo chili chozizira, ndipo makina asaime malo amodzi kapena kukanikiza m'mphepete, penti amapsa msanga pamenepo. Akayamba kutulutsa sandipepa wokhakhala muletseni. Ngati pafunikadi, ndi wosalala kwambiri wa nambala 2000 kapena 3000, ndi madzi, m'manja mwa munthu wozolowera. Akamaliza apake wax, chifukwa polishi amangowalitsa, sateteza. Wax satha miyezi yambiri, makamaka nthawi ya mvula. Mukaona madzi asiya kupanga timadontho tozungulira pa boneti, pakaninso. Denga latsopanolo lokha musalipake wax msanga, funsani wopopera akuuzeni nthawi yoti penti akhwime.

Cover gulani, koma yofewa mkati, ndipo muzivundikira galimoto yoyera yokhayokha. Mukavundikira ili ndi fumbi, mphepo ikamagwedeza nsaluyo usiku imakhala ikupala penti. Ikanyowa ndi mvula ichotseni iume, musaisiye pagalimoto masiku angapo.