Kodi Mulungu timamudziwa Iye mwini, kapena ntchito zake zokha?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Lamulungu lapitali tikuchokera ku tchalitchi ku Mbare, mumzinda wa Harare, mwana wanga wa zaka 14 anandifunsa m'kombi kuti, "Ababa, Mulungu akapanda kuchita kalikonse, ndi ndani?" Ndinasowa chonena mpaka tinakatsika ku Mufakose.

Usiku ndinakumbuka mayina amene agogo ankatchula popemphera. Namalenga ndi wolenga. Mphambe timamumva m'mabingu ndi ziphaliwali. Chauta amatikumbutsa uta wa Leza mvula ikakata. Onsewa akuloza zimene amachita kapena zimene timaona, palibe lonena chimene Iye ali. Ngakhale Mose, pa Eksodo 33, atapempha kuona ulemerero, anabisidwa m'phanga la thanthwe n'kungoona kumbuyo kokha.

Chikundivutitsa kwambiri n'chakuti nawonso mayi anga ndinkawadziwa chimodzimodzi: manja awo pa mthiko, kachifuwa kawo m'bandakucha akukoleza moto. Kodi pamenepo ndinawadziwa iwo eni?

Abusa, akulu a mpingo, ngakhale abale athu achisilamu, inu mumaphunzitsa bwanji? Mwanayu ndamulonjeza yankho Loweruka, ndipo sindikufuna kumunamiza.