Chikho chakale cha mgonero chomwe chinawotcheredwa ndi mtovu

Mmisiri wa ku Chibavi:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Akulu a mpingo wina andibweretsera chikho cha mgonero chomwe akuti chinabwera ndi amishoni, ndipo mwendo wake ukugwedera pamalo pomwe munthu wina anawotchererapo kale ndi mtovu uja wa mawailesi. Kunja kwake kuli masamba a mpesa okhomedwa ndi manja, mkati ndi mopaka golide, ndipo pafupi ndi mlomo pali tizizindikiro titatu: mkango woyenda, nangula ndi chilembo chimodzi. Waya wa siliva wowotcherera ndi borakisi, mankhwala othandiza kuti wayayo agwire bwino powotcherera, ndili nazo. Kodi ndiyatse moto?

Wosula wa ku Luwinga:
Achimwene, moto musauyatse kaye. Mkangowo ukutiuza kuti chikhocho ndi cha siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000 alionse, otsalawo kawirikawiri amakhala mkuwa, pomwe nangula ndi chizindikiro cha ofesi yoyeza siliva ya ku Birmingham, yomwe inatsegulidwa mu 1773. Chilembocho chimasonyeza chaka chomwe anachiyeza. Chikanakhala ndi zilembo za EPNS bwenzi tikunena kuti ndi chongokutidwa siliva pamwamba, koma ichi ndi chuma cha mpingo.

Vuto lagona pa mtovuwo. Waya wa siliva amafuna moto woposa madigiri Celsius 600 kuti asungunuke, ndipo pa kutentha kotere mtovu umalowerera m'siliva n'kumudya, kusiya maenje omwe simungathe kuwatseka. Choncho muupale wonse ndi kampeni ndi katupa kosalala, pang'onopang'ono, mpaka pasatsale kadontho kotuwa ngakhale kamodzi.

Mayi wokonza mphete wa ku Katoto:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Luwinga, koma ine nkhawa yanga ili pa golide wa mkatiyo, chifukwa ndi wopyapyala kwambiri ndipo moto ukafika pa mbale ya chikhocho adzawonongeka. Bambo, tachitembenuzani muone pansi pa tsinde lake. Zikho zambiri zoterezi amazimanga ndi kachitsulo kamazinga komwe kamadutsa m'mwendo n'kumangidwa ndi nati, moti mukhoza kumasula n'kugwira ntchito pa mwendo pokha.

Chinanso, akulu a mpingo akapempha kuti chiwale, musachiviike m'madzi otentha a soda ndi pepala la aluminiyamu. Njirayi imachotsa kuda konse, ngakhale komwe kuli m'mizere ya masambawo, pomwe kuda kumeneko ndi komwe kumaonetsa luso la amene anakhoma. Kansalu kofewa ndi polishi wa siliva pang'ono n'zokwanira, ndipo ndi chinyezi chathu cha kuno ku Mzuzu, muwauze kuti azichiumitsa bwino ndi kuchisunga kutali ndi malabala, chifukwa sulufule wa m'labala ndiye amadetsa siliva.

Mmisiri wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri mayi, natiyo ilipodi, inabisika ndi litsiro. Ndamasula, mbale yagolideyo ndaikulunga n'kuiika padera, ndipo ndaona kuti mtovu uli pa kamkombero ka pamwamba pa mwendo pokha. Ndiyamba kupala mawa, ndipo ndisanayatse moto ndibwera nawo mwendowo ku Luwinga kuti bambo auone ndi galasi lawo lokulitsa zinthu.