Wapampando watsala ndi ndalama za fodya, ndiwauze chiyani?

Mlangizi wa ku Santhe: Alangizi anzanga, ndithandizeni nzeru. Wapampando wa kalabu ina kuno agulitsa fodya ku Chinkhoma, abweza ngongole, alipira matenanti, atsala ndi K3 miliyoni. Mwana wawo wa ku Lilongwe akuwakakamiza kuti agule masheya (magawo a umwini wa kampani) a Airtel. Dzulo anandipeza ku ofesi, pepala la kubanki lopindapinda lili m'thumba la shati. Za nazale ndi zigafa ndingalankhule mpaka dzuwa kulowa, koma apa ndagwira njakata.

Mlangizi wa ku Chamama: Achimwene, ayambe anena kuti ndalamazo adzazifuna liti. Ngati ndi za fetereza wa mu Okutobala, masheya a kampani imodzi asayerekeze. Tsiku lofuna kugulitsa akhoza kupeza mtengo watsika, kapena wogula osapezeka msanga.

Mlangizi wa ku Santhe: Theka ndi la fetereza. Linalo akusungira mdzukulu wawo, ali Sitandade 5.

Mayi a ku Nkhamenya: Ndiye auzeni za unit trust. Alimi anga ndimawauza kuti ili ngati banki mkhonde yaikulu, kungoti ndalama simukongozana nokha. Anthu ambiri mumasonkha, akatswiri n'kugulira ma treasury bill (kukongoza boma ndalama kwa kanthawi kochepa) ndi masheya a makampani angapo, monga Illovo, TNM ndi National Bank. Imodzi ikapunthwa, zinazo zimachirikiza. Kwa munthu woyamba kumene, amene sangamawerenge malipoti a makampani ali kudimba, ubwino wake ndi umenewu. Old Mutual ili nazo ziwiri zomwe ndikuzidziwa: ya money market (yoika ndalama m'zinthu zobala chiwongoladzanja), yoyenera za feterezazo, ndi ya balanced (yophatikizamo masheya), yomwe imakwera n'kutsika koma ingadikire mdzukuluyo kufika kusekondale.

Mlangizi wa ku Chamama: Zoona mayi, koma tisawalonjeze phindu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chiwongoladzanja sichinafike pamenepo. Ngati fetereza wafika kale m'sitolo, ine ndingati agule matumba ena pompano.

Mayi a ku Nkhamenya: Eya. Akakafika ku kampani ya unit trust akafunse ngati ili ndi chiphaso cha Reserve Bank, imadula zingati pachaka, komanso ndalama zimatuluka pakatha masiku angati. Ndalama asapatse munthu pamanja.

Mlangizi wa ku Santhe: Zikomo nonse. Lachinayi ndiwaperekeza, atenge chiphaso chaunzika. Ndawapemphanso kuti abwere ndi mayi akunyumba, poti fodyayo anasankha limodzi.